Paki imafuna tsache, osati riboni

Anthu akaona zithunzi za Central Park ku New York amangoti eee chilengedwe chokongola bwanji, koma abale malo aja anachita kupanga ndi anthu. Mu 1858 Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux ndi amene anawina mpikisano wa pulani yake, ndiye kunali kuswa miyala ndi wonga, kukumba nyanja, kubzala mitengo pa maekala 843. Komanso pamalopo panali mudzi, Seneca Village, ambiri anali anthu akuda okhala ndi mapuloti awoawo, matchalitchi ndi sukulu, mu 1857 onse anawasamutsa. Ojambulitsa pa Bethesda Fountain, kasupe wochita kumanga wa m'pakimo, ndi angati amadziwa zimenezi?

Koma ine pamene pamandigwira mtima ndi zaka za m'ma 1970. Mzindawo unali pa ngongole zoopsa, 1975 ndalama zinatsala pang'ono kutheratu ndiye paki anangoitaya, Sheep Meadow dambo lija munkadya nkhosa mpaka 1934 kapinga yense anatha kunangotsala fumbi, mabenchi othyokathyoka, magetsi osayaka, nyumba ya miyala ya Belvedere Castle makoma onse penti ya anthu olembalemba, kukada palibe amafuna kudutsamo. Paki yotchuka dziko lonse imeneyo.

Mu 1980 mayi Elizabeth Barlow Rogers ndi anzawo anayambitsa Central Park Conservancy, bungwe losamalira pakiyi, nkuyamba kukonza pang'onopang'ono. Nzeru imene ndimaigomera ndi ya mu 1996, anaigawa paki m'zigawo 49, chigawo chilichonse ndi munthu wake wochisamalira. Basi. Bini ikadzaza akudziwika woti afunsidwe, nthambi ikathyoka waiona kale mmawa, kapinga akatopa amamutchinga kampanda kuti apume kaye. Kwa ine kukonzanso paki ndi kumeneku, zinazi zodula riboni ndi kujambulitsa tsiku lotsegulira kenako miyezi isanu mpope wa madzi wauma ndi masewera chabe.

Chondinyinyiritsa chilipo. Ndalama zambiri za Conservancy ndi zopereka, ndipo pakiyi yayandikana ndi anthu a chuma a mumsewu wa Fifth Avenue omwe nyumba zawo zimakwera mtengo paki ikamawala. Nanga mapaki a m'madera osauka a mzinda womwewo, komwe ana amafunanso katungwe ndi mthunzi, awapatse ndani?