Kamera ya ntchito ukagule kuti: Lilongwe, Lusaka, Dar kapena Joni?

Chaka cha 2023 chisanathe ndinaphunzira kuti dipoziti si kamera. Ndinapereka theka la ndalama kwa mkulu wina wa mu Lilongwe muno amene amaitanitsa zipangizo zojambulira kuchokera kunja, kuti andibweretsere Canon R6 Mark II. Inali nyengo ya maukwati, Loweruka lililonse ndili pa ntchito, ndipo kamera yanga yakale inali itayamba kundichititsa manyazi m'maholo amdima aja, mkwatibwi akuvina pa perekaniperekani koma chithunzi n'kutuluka ngati chajambulidwa mu utsi. Mkuluyo anati ndidikire masabata awiri. Awiriwo anakhala asanu. Kenaka mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, foni n'kulira: "Bwana, mwaona nokha mmene dola yachitira. Muwonjezereko pang'ono." Pang'onopo panali pokwana kugula lenzi ina.

Sindinamutukwane, chifukwa nayenso ankasaka madola omwewo amene mabanki analibe. Koma kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa anzanga ojambula a ku Chipata, a ku Lusaka, ndi achibale okhala ku Joni, mmene iwo amagulira zinthu zimenezi. Maulendo ena ndinayenda ndekha.

Choyamba tigwirizane kuti kusowa kwa kamera zina si tsoka la Malawi yekha. Kampani ya Fujifilm itatulutsa kamera ya X100VI mu Febuluwale 2024, pa mtengo wa madola 1,599, anthu a ku London ndi New York omwe analembetsa mayina n'kumadikira miyezi. Kakamera ka Canon G7 X Mark III kanatuluka mu 2019, koma atsikana a pa TikTok atakakonda kanazimiririka m'masitolo ngati shuga wa pa mtengo wakale. Zinthuzi zimapangidwa ku Japan, ku Thailand, ku China. Zikatuluka m'fakitale zimayamba zakhutitsa misika ikuluikulu, ife a kuno timalandira zotsala m'mbale. Ndiye funso si lakuti ndani ali ndi kamera, ayi. Funso ndi lakuti wogulitsa amakusunga bwanji pamene ukudikira, ndipo amakuyankha chiyani tsiku limene chinthu chafa.

Ku South Africa amakusunga ndi pepala. Kuli masitolo amene ntchito yawo ndi kamera basi, monga Orms ku Cape Town ndi Outdoorphoto ku Pretoria, ndipo m'masitolo a mtundu umenewu katundu akasowa amakulemba pa mndandanda, amakupatsa nambala ya oda yako, akafika amakutumizira uthenga. Palibe zoti "ndine mlamu wa manejala, ndidutsitseni". Kwa Mmalawi wozolowera kuti chilichonse chimayenda ndi munthu womudziwa, kuzizira kumeneku kumawawa poyamba. Umalemba imelo yaitali, yoyamba ndi moni ndi kufunsa za m'banja, iwo n'kukuyankha mizere iwiri. Koma mizere iwiriyo ikati Lachinayi, nthawi zambiri limakhaladi Lachinayi.

Chimene chimalimbitsa pepala lawo ndi lamulo. Lamulo lawo loteteza ogula la 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limati katundu akapezeka ndi vuto mkati mwa miyezi 6, wogula ndi amene amasankha: amukonzere, amusinthire, kapena amubwezere ndalama. Wogula, osati mwini sitolo. Akakonza n'kuwonongekanso chimodzimodzi isanathe miyezi 3, sangakuuzenso kuti tikonzenso. Ayenera kusintha kapena kubweza ndalama. Ukagula pa intaneti, lamulo lina la 2002 limakupatsa masiku 7 utalandira katundu oti um'bweze ngakhale popanda chifukwa, iwe n'kungolipira zotumizira. Wogulitsa wa kumeneko amadziwa kuti kasitomala wake amawadziwa malamulowa, n'chifukwa chake sakangana kwambiri.

Palinso nkhani ya VAT. Yawo ndi 15 peresenti, ndipo mlendo amene wagula katundu woposa R250 n'kutuluka naye m'dzikomo asanathe masiku 90 atha kuitanitsa kuti am'bwezere. Pa bwalo la ndege la O.R. Tambo umaonetsa katunduyo, pasipoti ndi risiti ya msonkho, ndipo pa chinthu chodula ngati kamera risitiyo ikhale ndi dzina lako ndi adiresi yako. Apa m'pamene ambiri timagwera. Timatuma mphwathu wokhala ku Joni, iye n'kugula m'dzina lake, n'kupatsira thiransipota wa pa basi. Kamera imafika bwinobwino, koma 15 peresenti ija yatsalira a kumeneko, ndipo risiti ili m'dzina la munthu amene sadziwa ngakhale poyatsira kamerayo.

Ndiye musati ndikuwatamanda mopanda malire. Chitetezo chonsecho chimagwira munthu amene angathe kubwerera pa kauntala. Lenzi yanga ina, yogulidwa m'sitolo ina ya ku Johannesburg, inasiya kufokasa itangotha miyezi inayi. Ndinawalembera, anandiyankha mwaulemu kuti ndiibweretse aione. Ndiibweretse! Pakati pa ine ndi kauntala yawo pali Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, usiku uwiri pa basi. Iwo sanalakwe kanthu. Kungoti lamulo lawo silikwera basi.

Ku Zambia n'kwathu kwachiwiri, ndipo chimene chimatsekemera n'chakuti umadandaula m'chilankhulo chako. Kuchoka ku Lilongwe m'mawa, kudutsa pa Mchinji ndi Mwami pamene kuyambira mu Disembala 2022 pali ofesi imodzi ya maiko onse awiri, nkhomaliro umakadyera ku Chipata. Koma ku Chipata ukapeza mabatire, matiraipodi ndi memori khadi. Kamera zenizeni zili ku Lusaka, mtunda wina woposa makilomita 500. Kumeneko ziliko za mitundu iwiri: masitolo a m'mamolo monga Manda Hill ndi East Park, ndi timashopu ta m'tauni cha ku Cairo Road kumene anyamata amaitanitsa zinthu ku Dubai ndi ku China monga amachitira anzawo a kuno.

Chenjerani ndi mawu amodzi okha: "mailo". M'Chinyanja cha ku Lusaka mailo ndi mawa, komanso ndi dzulo. Wogulitsa akakuuza kuti "ba boss, katundu ibwela mailo", mawuwo ali ndi khomo lotulukira kale.

Kusiyana kumene ndinakuona n'kwakuti Mzambiya akapsa mtima amatchula bungwe. CCPC, bungwe lawo loona za mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula, limadziwika ngakhale kwa anthu wamba, ndipo lamulo lawo la 2010 limaletsa kupachika zikwangwani zija zoti katundu ukagula sabwezedwa. Ndinamva mayi wina akuuza mnyamata wa m'shopu kuti akapanda kumusinthira chaja apita kukamunenera kumeneko, mnyamatayo n'kufewa nthawi yomweyo. Mitengo yokha sikusiyana kwambiri ndi kwathu ukawerengera zoyendera, pakuti nawonso kamera amachita kuitanitsa, ndi VAT yawo ya 16 peresenti pamwamba. Mwayi wawo ndi wakuti wamalonda wa ku Lusaka savutika kupeza madola ngati mnzake wa ku Limbe, choncho katundu amabwera msanga ndipo mtengo susintha uli m'njira.

Wina asakunamizeni kuti poti Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, bungwe la malonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndiye kuti kamera idutsa pa Mchinji ulere. Ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono pa boda ndi ya katundu wopangidwa m'maiko omwewa. Kamera ya ku Japan siisanduka ya ku Zambia chifukwa yagona usiku umodzi ku msika wa Kamwala ku Lusaka.

Ku Dar es Salaam ndi dziko lina. Msika waukulu wa Kariakoo uli ndi chilichonse: magetsi a mu situdiyo, maambulera, maikolofoni, magimbo (zogwirira kamera kuti isagwedezeke), mabatire, zatsopano ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, zonse mothithikana m'nyumba zosanjikizana. Doko lili pomwepo, ndiye katundu wa ku China ndi Dubai amafika mwachangu. Ukangoima n'kuyang'ana uku ndi uku, akupeza anyamata amene kumeneko amawatchula kuti mawinga, madobadoba a kwathu kuno. Alibe shopu, koma amadziwa shopu iliyonse. Amakutenga, amakuikira yawo pamwamba, ndipo mawa ukabwerera ndi vuto mwini shopu amakuuza kuti sakudziwa, unagula kwa winga.

Ku Kariakoo waranti yako ndi maso ako, pa mphindi zimene waima pa kauntalapo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: bokosi lingathe kukhala lowala, kamera ili yoti inajambula kale maukwati a anthu ena. Ndiye umapita ndi memori khadi yako, kujambula, kuona nambala ya kamera ngati ikufanana ndi ya pa bokosi, kuwerenga kuti shata yake yagunda kangati (ndiko kuti yajambula zithunzi zingati), kuunika m'kati mwa lenzi ndi tochi ya pa foni kuona ngati mulibe nkhungu. Ogulitsa a kumeneko sakwiya nazo zimenezi, amazilemekeza. Kunenerera mtengo n'kololedwa, ndipo amene sanenerera amamuona ngati wopusa. Zimene sindigula kumeneko ndi mabatire ndi memori khadi za mtengo wokoma kwambiri. Batire yolembedwa LP-E6NH kapena NP-FZ100 yabodza imaoneka ndendende ngati yeniyeni, mpaka tsiku limene izime abusa akudalitsa mphete. Khadi yabodza ndiye yoipa koposa, chifukwa imakulola kujambula tsiku lonse, madzulo n'kupeza zithunzi sizikutseguka. Kumbukiraninso kupempha risiti ya makina, chifukwa pa boda ya Songwe akaifuna.

Za ku Mozambique ndilibe zambiri. Tete ife timangomudutsa pa mlatho wa Zambezi, ndipo ngakhale a ku Angónia timamvana nawo bwinobwino, malonda a m'sitolo amayenda m'Chipwitikizi. Ojambula a ku Tete amene ndinacheza nawo nawonso maso awo ali ku Maputo ndi ku Joni.

Tsono kwathu kuno. Malamulo tili nawo. Tili ndi CFTC, nthambi ya boma yoona za mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula, ndipo lamulo latsopano la 2024 linaipatsa mphamvu yolipiritsa yokha chindapusa kwa ochita malonda mwachinyengo. Tili ndi CAMA, bungwe loimira ogula, limene a John Kapito akhala akulilankhulira kwa zaka zambiri. Ngakhale likulu la bungwe la COMESA loona za mpikisano ndi madandaulo a ogula odutsa malire lili mu Lilongwe momwemuno, ambirife timalidutsa osadziwa. Koma ndi ojambula angati amene anakasumako? Malonda athu ambiri a kamera amachitikira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama n'kudutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, risiti yake ndi sikirinishoti. Ukapita kukadandaula, akufunsa dzina la kampani, iwe uli ndi dzina la pa Facebook ndi nambala ya foni.

Komabe pali chimene kwathu kuli nacho chimene Joni alibe. Ojambula a mu Lilongwe ndi Blantyre timadziwana. Wogulitsa akapusitsa mmodzi, pofika madzulo magulu onse a pa WhatsApp amva. Waranti ya kuno ndi nkhope ya munthu, ndipo nkhope imagwira ntchito mwa njira imene pepala silingathe. Mkulu uja wa dipoziti, titakangana kwa sabata yathunthu, anandibwereka kamera yake yomwe kuti ndijambulire maukwati awiri pamene yanga inali m'njira. Ndi sitolo iti ya ku Sandton, ku Joni, ingachite zimenezo? Vuto lake n'lakuti chifundo sichilembedwa. Lero chilipo, mawa munthu wazimitsa foni.

Dziwaninso kuti zambiri zimene timagula kuno zinalowa mosadzera kwa oimira kampani, ndipo makampani a kamera nthawi zambiri amalemekeza waranti m'dera limene chinthucho chinagulitsidwira. Kamera yochokera ku Dubai kapena ku Hong Kong ukaipititsa kwa okonza ovomerezeka a ku South Africa, akhoza kuikonza, koma ulipira. Funsani musanapereke ndalama kuti ikafa ipita kuti, ndipo ndani alipire ulendowo. Wogulitsa woona amayankha funso limeneli mosazungulira.

Ine panopa ndimagawa chonchi. Kamera yeniyeniyo ndi lenzi yodula ndimagula ku South Africa, ndekha, m'dzina langa, ndipo pa boda ndimaionetsa kwa a MRA n'kulipira zoyenera, chifukwa kuibisa m'kati mwa mabulangete n'kuika pachiswe ndalama za chaka chathunthu. Magetsi, masitandi ndi zikwama ndi za ku Kariakoo, poti zimenezo ukaziyesa pomwepo n'kuyaka, zayaka. Lusaka ndimamusungira zadzidzidzi. Mabatire ndi makhadi ndimagula kuno kwa munthu mmodzi amene ndikudziwa kumene amapemphera. Kanthu kena kakang'ono: chaja ya ku South Africa imabwera ndi pulagi ya mano obulungira imene siilowa m'masoketi athu, pomwe ya ku Zambia ndi ku Tanzania imalowa bwinobwino. Ndinazidziwira m'chipinda chogona alendo ku Mangochi, usiku woti mawa lake kuli chinkhoswe.

Lenzi ija yosafokasa inapita ndi thiransipota, itakulungidwa mu chitenje ndi risiti yake. Inafika kutatsala masiku 9 kuti miyezi 6 ikwane, ndipo anaisintha ndi yatsopano osafunsa zambiri. Yatsopanoyo ili kwa mphwanga ku Joni, ikudikira basi ya Lachiwiri. Ukwati wa Loweruka lino ndijambula ndi lenzi ya 50mm yobwereka.