Soya ndi wathu, vitamini wake tikugula kunja

Lero ndapsa mtima. Mayi anandituma kuti ndikawagulire vitamini E ku famase ina m'tauni muno. Atanditchulira mtengo ndinangoti kakasi. Kabotolo kakang'onong'ono, kochokera kunja, koma kuti mlimi wa ku Mchinji akapeze ndiye kuti agulitse ndowa zingapo za soya. Nditakatembenuza kuti ndiwerenge, ndapeza kuti vitamini wakeyo anamuchotsa mu soya. Soya! Yemweyu timamulima ife, mavenda n'kumatigula motibera.

Abale, tikutaya chuma ndi manja athu omwe.

Poyenga mafuta ophikira, chakumapeto amawatenthetsa kupitirira madigiri 200, n'kumadutsitsamo nthunzi kuti fungo lichoke. Zomwe zimauluka ndi nthunziyo zimasonkhana pambali, zoderako, zonunkha, zooneka ngati nyansi. Koma m'nyansi momwemo ndi momwe muli tocopherol, vitamini E weniweniyo, yemwe amathandiza kuti mafuta asawonongeke msanga. Mulinso ma sterol omwe kunja amaika mu majarini wochepetsa kolesterolo. Makampani a ku America ndi ku Ulaya amagula zotsalirazi, amazisefa, amaziika m'makapisozi. Ku Malaysia amachotsa tocotrienol, mtundu wina wa vitamini E, m'zotsalira za mafuta a kanjedza. Ku Japan amachotsa oryzanol, yemwe amagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala, m'zotsalira za mafuta a gaga wa mpunga. Eni ake sataya kanthu.

Nanga ife? Soya timamutumiza kunja ali njere, wapita ndi vitamini wake yemwe. Tikayenga tokha, maganizo athu amathera pa sopo ndi zakudya za nkhuku basi. Kenako chuma chathu chomwecho chimabwerera chitavala chizungu, ife n'kumasaka madola oti tigulire. Tikugula chathu chomwe! Mwini munda akupempha ndiwo kwa wodutsa.

Mudzati makina ake ndi odula, magetsi amazimazima. Ndamva. Tidikira mpaka liti? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Achinyamata ophunzira za sayansi ya zakudya ali mbwee kunyumba ndi madigiri awo, pomwe ntchito yawo ikutuluka pa Mwanza ndi pa Dedza m'matumba.

Ndipo inu ogulitsa mafuta oyeza pamsika, bwanji mumayanika mabotolo padzuwa tsiku lonse? Vitamini A yemwe lamulo limati aikidwe m'mafutamo sagwirizana ndi dzuwa. Pofika madzulo mukutigulitsa chiyani?