DC wa ku Mchinji si DC wa ku Chipata: mayina a maudindo m'maiko atatu

Munthu wa ku Mchinji akawoloka pa Mwami n'kufika ku Chipata sasowa womumasulira. Chinyanja cha pamsika amachimva, Chingerezi cha m'maofesi amachimvanso. Pomwe amasokonekera ndi pamene wamva mawu ngati DC, PS kapena Chief n'kuganiza kuti ndi omwe aja wawasiya kwawo. Maiko awiriwa analandira mawuwa kwa mtsamunda mmodzi, koma aliyense anawapatsa kulemera kwakekwake. Ndipo ukalowera cha ku Ulongwe, kwa abale athu a ku Angónia m'dziko la Mozambique, makwerero onse a maudindo ali m'Chipwitikizi.

Tiyambe ndi malo. Malawi ali ndi zigawo 3 ndi maboma 28, ndipo chigawo pa Chingerezi timati Region. Zambia ali ndi zigawo 10, zomwe amati Province, ndi maboma 116. M'dikishonale mawu awiriwa amaoneka ngati ofanana, koma pa ntchito ndi osiyana kwambiri. Province ya ku Zambia ili ndi nduna yake, mlembi wamkulu wake ndi likulu lake. Eastern Province imayendetsedwa kuchokera ku Chipata. Region ya ku Malawi lero ilibe nduna yotero. M'nthawi ya Kamuzu Banda nduna za zigawo zinalipo, koma masiku ano chigawo chimamveka kwambiri pa nkhani za zipani, za apolisi ndi zowerenga mavoti. Ku Mozambique província inapita patsogolo kuposa apo: kuyambira chisankho cha 2019, governador amachokera ku mavoti a anthu, koma pambali pake pali secretário de Estado wosankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Ku Tete, choncho, akuluakulu a chigawo alipo awiri.

Nkhani ya DC ndiyo imasocheretsa ambiri. Kwathu ku Malawi, District Commissioner, yemwe pa wailesi amamutcha bwanamkubwa, ndiye mkulu wa ogwira ntchito kukhonsolo ya boma. Ndalama za khonsolo zimadutsa m'manja mwake, amagwira ntchito limodzi ndi makhansala, ndipo akasowetsa ndalama amakayankha kukomiti ya aphungu. Dongosolo limeneli linakhazikika ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998. Ku Zambia ntchito yoyendetsa khonsolo si ya DC. Ndi ya Council Secretary, kapena Town Clerk ngati ndi mumzinda. DC wa kumeneko ndi maso ndi makutu a boma lolamula m'deralo. Mpandowu unayambitsidwanso ndi Frederick Chiluba pansi pa dzina la District Administrator, dzina n'kudzasintha pambuyo pake, ndipo mpaka lero boma likasintha ma DC ambiri amalongedza katundu. Apa ine ndikuona kuti Malawi anachita bwino. Sindikunena kuti ndale sizifika pa mpando wa bwanamkubwa wathu, zimafika, ndipo kusamutsidwa kwa mwadzidzidzi timakuona. Koma kukhala ndi munthu mmodzi woti umuloze chala pa ndalama zonse za khonsolo n'kwabwino kusiyana ndi kukhala ndi mabwana awiri, wina wa khonsolo wina wa chipani, anthu osadziwa khomo loti agogode.

PS ndi nkhani yaifupi. Ku Malawi zilembozi zimaimira Principal Secretary, ku Zambia Permanent Secretary, koma onsewa ndi mlembi wamkulu wa unduna. Pa Mayor, a ku Zambia amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda kuyambira 2016, pamene mfumu ya mzinda wa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba imasankhidwa ndi makhansala anzake.

Pomwe mtima wanga uli kwenikweni ndi pa mafumu, chifukwa apa ndi pomwe Chingerezi chinalowa m'nyumba zathu n'kuyamba kutisanja. Makolo athu anali ndi mfumu, mwini dziko, mwini mzinda, nyakwawa, nduna. Ukulu wa mfumu unkadziwika ndi mbiri yake: anafika liti, anagawira ndani malo, ali ndi mzinda wa gule kapena ayi, amapereka mitulo kwa yani. Atsamunda ankafuna makwerero osavuta kulemba m'kaundula wa msonkho. Ku Nyasaland lamulo la 1912 linabweretsa ma Principal Headman, la 1933 linabweretsa ma Native Authority, ndipo titalandira ufulu lamulo la mafumu la 1967 linapitiriza makwererowo. Lero tili ndi Village Headman, Group Village Headman amene tonse timangoti gulupu, Sub Traditional Authority, Traditional Authority, Senior Chief, mpaka Paramount Chief pamwamba. Masitepe 6, aliyense ndi mswahala wake.

Ku Zambia mawu oti Traditional Authority sudzawamva ngati dzina la mpando wa munthu. Amene ife timati T/A, iwo amangoti Chief, ndipo pomulemekeza amati His Royal Highness. Ali ndi mafumu 288, ndipo ma Paramount Chief ndi 4 okha: Litunga wa Alozi, Chitimukulu wa Abemba, Mpezeni wa Angoni ndi Kalonga Gawa Undi wa Achewa. Ndiye Mmalawi akamva kuti Chief wakutiwakuti wa ku Katete asamuyese nyakwawa ya mudzi umodzi. Ndi mfumu ya dziko lalikulu, yokhala ndi akapaso ake ovala yunifolomu. Chimodzimodzi Mzambia akawerenga nyuzipepala ya ku Malawi n'kuona T/A, asaganize kuti ndi dzina la ofesi kapena komiti. Ndi munthu, wolongedwa ufumu ndi mbumba yake. Banja limodzi likhoza kukhala ndi mayina awiri a Chingerezi chifukwa cha malire okha, monga ufumu wa Mwase umene uli ku Kasungu komanso ku Lundazi.

Chinthu china chimene ndimachikonda pa maiko awiriwa n'chakuti dzina la mpando linasanduka keyala ya munthu. Apolisi a ku Malawi akamalengeza za munthu amati amachokera m'mudzi mwa akuti, mfumu yaikulu yakuti, m'boma lakuti. Pa chiphaso cha NRC cha ku Zambia palinso malo olembapo mudzi, mfumu ndi boma. Mwana wobadwira ku Ndirande kapena ku Matero, woti kumudzi anapitako pa maliro basi, amafunsidwabe kuti mfumu yake ndani. Ku Mozambique sizili choncho. Munthu amadziwika ndi distrito, posto administrativo ndi localidade, mayina a magawo a boma, mfumu osatchulidwamo.

Chifukwa chake chili m'mbiri. Apwitikizi ankatcha mafumu kuti régulo, ndipo ankawatuma kutolera msonkho ndi kugwira anthu a chibalo. FRELIMO italowa m'boma mu 1975 inawachotsa onse, n'kuika magulu a chipani ndi ma secretário m'malo mwawo. Koma anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga sanasiye kupita kwa amfumu ndi milandu ya minda ndi ya maukwati. Nkhondo yapachiweniweni itatha boma linavomereza zimenezi, ndipo mu 2000, kudzera mu Decreto 15/2000, linawazindikiranso. Dzina limene linawapatsa ndi autoridades comunitárias, thumba limodzi lomwe muli mafumu a magazi pamodzi ndi ma secretário aja. Anawagawa m'magulu atatu, n'kuwapatsa yunifolomu ndi mbendera yoti azikweza pakhomo. Njira imeneyi siyindisangalatsa, chifukwa ikuika pa mkeka umodzi munthu wolongedwa ndi mbumba ndi munthu woikidwa ndi chipani. Komabe ndiyenera kuvomereza kuti kukwiya kwa FRELIMO sikunali kopanda maziko. Ma régulo ena anazunzadi anthu awo pofuna kusangalatsa atsamunda.

Funso lalikulu n'lakuti, ndani ali ndi mphamvu yopereka mayina amenewa? Ku Malawi ndi mtsogoleri wa dziko. Lamulo la mafumu limamulola kuvomereza mfumu, kuikweza ngakhale kuichotsa. N'chifukwa chake timamva kuti gulupu uja wakwezedwa kukhala Sub T/A, T/A uja tsopano ndi Senior Chief, ndipo kukwezaku kumachuluka chisankho chikamayandikira. Zotsatira zake timaziona kumudzi. Midzi ikugawanikagawanika chifukwa aliyense akufuna dzina lake lilowe m'kaundula wa mswahala, mwakuti mudzi wa nyumba zowerengeka uli ndi nyakwawa yake. Mfumu imene inakwezedwa dzulo imakhala pampando wa kutsogolo, pamene imene makolo ake anagawira malo makolo a wokwezedwayo yakhala kumbuyo. Anthu akuluakulu zimawapweteka, ndipo ali ndi chifukwa.

Zambia anadutsa m'moto womwewu. Michael Sata, ali mtsogoleri wa dziko, anakana kuvomereza Henry Kanyanta Sosala kukhala Chitimukulu ngakhale akuluakulu a Abemba anali atamusankha, ndipo nkhaniyo inatha mu 2015, Edgar Lungu atalowa m'boma. Pokonzanso malamulo aakulu a dziko mu 2016, analembamo kuti nyumba ya malamulo isapange lamulo lopatsa munthu aliyense mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu. Alinso ndi House of Chiefs ya mafumu 50, asanu kuchokera m'chigawo chilichonse, yolangiza boma pa za miyambo. Ife malamulo athu a 1994 anali ndi nyumba ya Senate momwe mafumu akanakhalamo, koma inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Njira ya Zambia ili ndi zovuta zake: mikangano ya ufumu imathera kukhothi, ndipo mipando ina imakhala zaka yopanda mwini milandu ili mkati. Koma pa mfundo iyi ndili kumbali yawo. Mfumu yodziwa kuti dzina lake silili m'thumba la wandale imatha kudzudzula boma mosaopa, ndipo anthu ake amaikhulupirira ikamaweruza.

Pa Kulamba, mwambo wochitika mu Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete, mafumu a Achewa ochokera m'maiko onse atatu amafika ndi mphatso ndi magule awo kwa Kalonga Gawa Undi. Pamndandanda wa alendo wina walembedwa Senior Chief, wina His Royal Highness, wina régulo, koma onse amagwada pamaso pa Kalonga mmodzi n'kumufotokozera za anthu awo. Mayina a Chingerezi sitingawataye, chifukwa ndi omwe ali pa zidindo, pa ziphaso ndi pa makalata a minda. Chomwe ndikupempha aphungu athu ku Lilongwe n'chakuti pounikanso lamulo la mafumu la 1967, ayang'ane zimene anzathu a ku Lusaka analemba mu 2016, ndipo mphamvu yokweza ndi kutsitsa mafumu aichotse m'manja mwa mtsogoleri wa dziko.