A Tanzania anavuula yawo, ife inathera ku sikirapu

Sabata yatha ndinali ku Mangochi, pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Shire. Pali mfuti yaikulu pamenepo. Ndinafunsa mnyamata wa kabaza kuti achimwene, mfutiyi ndi ya chiyani? Anangoti ndi ya azungu akale, n'kupalasa njinga yake. Zinandiwawa bwanji!

Mfuti imene ija inachokera pa Guendolen, sitima yomwe anaiika pamadzi ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, mu 1899. Mu Ogasiti 1914, Kaputeni Rhoades, Mngerezi, anapita nayo ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli, nakapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda kukonzedwa. Anaiombera ili pomwepo. Kaputeni Berndt wa sitima ya Ajeremaniyo, mnzake wa Rhoades womwera naye, anabwera pa kabwato atakwiya, kuyesa kuti Rhoades waledzera, osadziwa kuti nkhondo yoyamba ya padziko lonse yayamba. Ambiri amati nkhondo ya pamadzi ya 1914 inayambira pomwepa, pa nyanja yathu ino. Ndiye Guendolen ili kuti? Anaiphwasula m'ma 1940. Tatsala ndi mfuti basi.

Tsono taonani a Tanzania. Sitima ya Graf von Götzen anaipanga ku Papenburg, ku Jeremani, mu 1913, inabwera m'mabokosi, anakailumikiza ku Kigoma. Mu 1916 Ajeremani pothawa anaimiza dala mu nyanja ya Tanganyika, atapaka kaye girisi m'mainjini. Anaivuula mu 1924, pofika 1927 inali ikuyenda ndi dzina la Liemba. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zambiri inali Kigoma, Mpulungu, Kigoma, Mpulungu, kunyamula anthu, matumba a kapenta, chimanga. Mu 2015 inali ikunyamulabe othawa kwawo a ku Burundi. Anzathu a ku Zambia aku Mpulungu amainyadira ngati yawo, pomwe sanaikepo ndi msomali umodzi womwe.

Chabwino, ndivomere: amene anavuula Liemba ndi Angerezi, ndipo Guendolen inaphwasulidwa dziko lisanakhale m'manja mwathu. Komanso Ilala yathu ya 1951 ikuyendabe, pamenepo tayesetsa. Koma nanga sitima ya Chauncy Maples? Inayamba kuyenda mu 1901, inanyamula asilikali pa nkhondo yomweyo, ndiyakale kuposa Liemba. Pitani ku Monkey Bay mukaione momwe dzimbiri likuidyera. Imeneyo ndiye tinamiziranso atsamunda?