Vuto si Linux ayi, ndi PDF yeniyeniyo

Anthu amene mumati pa Linux (sisitimu yoyendetsa kompyuta ngati Windows) sungasinthe PDF, inetu ndikuona kuti mukungoinamizira Linux. A kampani ya Adobe popanga PDF mu 1993 ankafuna kuti chikalata chizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse ndi posindikiza, osati uzilembamonso ngati mu Word. Mkatimo muli timizere ta mawu toikidwa pamalo pake basi.

Tsegulani PDF mu pulogalamu ya LibreOffice Draw muone nokha, mzere uliwonse uli m'kabokosi kakekake, ukaonjezera mawu umangotalika mpaka kudutsa m'mphepete sutsikira pansi wokha ayi, ndiye ngati font (mtundu wa zilembo) imene analembera mulibe mu kompyuta yanu Draw imaikapo ina zinthu nkuyamba kukwerana. Kukonza deti kapena dzina limodzi zimatheka bwinobwino. Koma kulembanso tsamba lonse, aaa, ingopemphani fayilo yoyambirira kwa mwini wake.

Komanso tinene zoona, ambiri tikamati "kusintha PDF" timangofuna kusaina kapena kudzaza fomu. Pulogalamu ya Xournal++ ndi ya zimenezo, umalemba pamwamba pa tsambalo, kuikapo siginecha yako nkutulutsa PDF ina. Okular imadzaza mafomu, ngakhale Firefox masiku ano imalola kulembamo. Kulumikiza mafayilo awiri kapena kuchotsa tsamba lachitatu, PDF Arranger, umangokoka masamba ndi mausi. Zonsezi zaulere. GIMP yokha, ija yokonzera zithunzi, muisiye, imasandutsa tsamba lonse chithunzi.

PDF ya sikani nde nkhani ina, chimenecho ndi chithunzi kale, mulibe mawu oti mungawagwire. Pulogalamu ya OCRmyPDF imathandiza kuti muzitha kusaka ndi kukopera mawuwo koma sikuti yasanduka Word.

Chimene chimandinyansa ndi ichi: munthu akangovutika pang'ono amathamangira ma webusaiti aja a "free PDF editor" nkukwezako kontrakiti kapena sitetimenti ya ku banki, kwa anthu oti sakuwadziwa nkomwe, pomwe ntchitoyo ikanatheka pa kompyuta yake yomweyo opanda intaneti. Ena nde amajambula kabokosi kakuda pa nambala ya akaunti nkumati abisa. Simunabise kanthu, mawuwo akadali pansi pake, wina akangopanga copy nkuika kwina aonekera onse. Fufutani mawuwo enieniwo mu Draw kenako muyese kuwasaka mu fayilo yatsopanoyo musanatumize.