Malipoti a zachilengedwe awa, mtolo wake ukugwera ndani?

Abale tandilolani ndidandauleko pang'ono. Mwezi watha kuntchito kwathu kunafika fomu yochokera kwa kasitomala wathu wa ku Ulaya, masamba ake osati masewera, akufuna tiwauze dizilo yense amene tinawotcha chaka chatha, madzi amene tinagwiritsa ntchito, mpaka utsi wa malole otibweretsera katundu, malole oti si athu n'komwe. Abwana anangoti "a akaunti taonani izi" basi, ngati ndi nkhani ya VAT.

Ganizo lakelo ine sindikulitsutsa ayi. Kampani ikamathira zonyansa mumtsinje kapena kugwiritsa ana ntchito m'minda tizidziwa ndithu, paja mu 2019 America inayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani ya ana yomweyi, ndiye si zocheza. Bungwe la ISSB, lomwe limakonza ndondomeko za kalembedwe ka malipoti oterewa padziko lonse, linatulutsa ndondomeko ziwiri zotchedwa IFRS S1 ndi S2 mu June 2023 ndipo m'menemo muli chinthu chotchedwa Scope 3, kutanthauza utsi wa onse amene umagula kwa iwo ndi amene umawagulitsa. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa kampani yaikulu ikafuna manambala amenewa imangotsitsira fomu kwa ife ang'onoang'ono, ifenso tikafunse mwini lole amene ngakhale risiti ya mafuta sasunga, koma zoona?

Chimandiwawa kwambiri ndi jenereta. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, oyera bwinobwino, koma akathima timayatsa jenereta tsiku lonse ndiye papepala timaoneka ngati ndife owononga mpweya.

Eni akewo ku EU zawalemeranso, mu February 2025 anabwera ndi maganizo ochotsa makampani pafupifupi 80% pa lamulo lawo la CSRD, lokakamiza makampani kupereka malipoti amenewa, ati ntchito yachuluka. Iwowo ali ndi ma consultant ndi ma software! Pamene mlimi wa khofi ku Misuku akuuzidwa, pa lamulo lina la EU lokhudza nkhalango, kuti apereke GPS ya munda wake kutsimikiza kuti sanagwetse nkhalango kuchokera pa 31 December 2020, foni yake ndi kaja ka mabatani.

Fomu ija ndinaibweza Lachisanu. Za dizilo ndinawerengetsera pa marisiti a m'katoni, za madzi pa mabilu, koma pa malole paja ndinangolemba kuti "estimate" ndipo mpaka pano sanandifunse kuti nambalayo ndinaitenga kuti.