Kuwerengera ana masilaidi maola awiri si kuphunzitsa

Ndakwiya, ndipo ndinene pompano mkwiyo usanazizire.

Dzulo masana mwana wa mchemwali wanga anali pa kalasi ya pa Zoom, ine ndili pambali ndikuchita zanga. Mwana ameneyu ndimamudziwa, si waulesi. Anakhala bwinobwino patebulo, kope lotsegula, cholembera m'manja. Aphunzitsi analowa kamera yawo ili yozimitsa, anaika masilaidi n'kuyamba kuwerenga. Kuwerenga basi, mzere ndi mzere, mawu omwewo amene anawo akuwaona kale ndi maso awo. Patapita nthawi anati, "Pali funso?" Ndisanaphethire n'komwe ndinangomva, "Chabwino palibe, tipitirize." Cholembera chija chinayamba kuyenda mozengereza, kenako chinaima, kenako dzanja linapita pa foni. Pomwe ola lachiwiri limatha n'kuti mwana akupinda zovala, mawu a aphunzitsi akungolira okha pa laputopu.

Madzulo ake pa gulu la WhatsApp la kalasiyo panagwa uthenga wautali wochokera kwa aphunzitsi omwewo. Akuti ana a masiku ano ndi aulesi, safuna sukulu, ndipo aliyense wosayatsa kamera achotseredwa malikisi. Mwanayo anandionetsa uthengawo n'kunena kuti, "Amalume, nanga tikayatsa kamera chisinthe n'chiyani? Iwo satiyang'ana n'komwe."

Inu aphunzitsi, mwamumva mwanayo? Mwayankhula nokha maola awiri, simunatchule dzina la munthu ngakhale mmodzi, simunapereke chochita chilichonse, ndiye mukudabwa kuti ana athawa? Athawa chifukwa munalibe nawo ntchito. Wophunzira amene simunamufunse kanthu sali m'kalasi mwanu ayi, ngakhale dzina lake lizioneka pa mndandanda wa amene alowa. Lalowa ndi dzina, mwini wake ali kwina.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Phunziro nalo silisenzedwa ndi pakamwa pa munthu mmodzi.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti zimenezi zinadziwika kalekale, intaneti isanabwere n'komwe m'makalasi. M'zaka za m'ma 1970 mayi wina wofufuza za maphunziro ku America, Mary Budd Rowe, ankayeza nthawi imene aphunzitsi amadikira akafunsa funso. Anapeza kuti ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako n'kudziyankha okha kapena kulumphira kwina. Pamene aphunzitsi ankadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho ankatalika ndipo ana amene amakhala chete ankayamba kuyankha. Masekondi atatu! Ndiye taganizani za pa intaneti. Mwana amve funso, mawu afike mochedwerapo, aganize, alimbe mtima, afufuze pamene pali kabatani ka maiki, atsegule. Inu n'kuti muli kale pa silaidi yachitatu kutsogolo. Kenako muziti ana sayankha? Munawapatsa liti mpata woyankha?

Ndikudziwa kuti netiweki imadula, bandulo imatha, magetsi amazima, ndipo aphunzitsi ambiri anangoponyedwa pa kompyuta popanda wowaphunzitsa. Zonsezo n'zoona. Koma dzulo netiweki inali bwinobwino.

Mu 2020, pamene COVID-19 inatseketsa sukulu ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, inkanena kuti ophunzira oposa 1.5 biliyoni pa dziko lonse ali kunyumba, tonse tinamvetsa. Zinali zadzidzidzi, aliyense ankangogwira chimene wagwira. Mphunzitsi amene anatenga manotsi ake a m'kalasi n'kuyamba kuwerenga pa Zoom sitinamudzudzule. Koma lero? Tizingokhalabe pomwepo ngati mliri wayamba dzulo?

Ndibwerezenso: mwana amakhalapo pa phunziro ngati ali ndi chochita. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake anaunika zotsatira za kafukufuku 225 wa makalasi a sayansi, masamu ndi uinjiniya m'mayunivesite. M'makalasi amene mphunzitsi ankangoyankhula yekha, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera. M'makalasi amene ophunzira ankapatsidwa mafunso, kukambirana ndi kugwira ntchito phunziro lili mkati, olephera anali pafupifupi 22 pa 100. Ngati kuyankhula wekha kumagwetsa ana m'chipinda momwe mphunzitsi akuwaona ndi maso, momwe mwana amachita manyazi kuwodzera, nanga kunyumba kumene foni ili pambali, bedi lili pomwepo, azing'ono ake akusewera pakhomo? Kumeneko mawu okha sangamugwire munthu.

Ndipo musanene kuti zochitazo n'zovuta. Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku yunivesite ya Harvard ku America, anayamba njira yake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amafotokoza pang'ono, n'kuponya funso lofuna kuganiza lokhala ndi mayankho angapo. Aliyense amasankha yankho payekha. Kenako amauza ophunzira kuti atembenukire kwa mnzawo amene wasankha zosiyana, akanganepo, aliyense ayese kukopa mnzake. Akatero amasankhanso kachiwiri, ndipo kawirikawiri opeza yankho lolondola amachuluka. Zonsezi Zoom yomwe mukuwerengerapo masilaidiyo imatha kuchita. Muli pofunsira funso ana n'kuvota, muli pogawira ana m'timagulu ta anthu atatu kapena anayi, muli chat pamene ngakhale mwana wamanyazi kapena wa netiweki yofooka angalembe mzere umodzi. Mukhoza kungonena kuti, "Aliyense alembe yankho lake koma asatumize, ndikawerenga mpaka katatu tonse titumize limodzi." Mukhoza kuwerenga yankho la mwana mmodzi mokweza, kumutchula dzina, n'kufunsa wina ngati akugwirizana nalo. Mwana akangomva dzina lake kamodzi, foni amaiika pansi, chifukwa wadziwa kuti kumbali inayo kuli munthu amene akumuwerengera. Kodi zimenezi zikufuna ndalama? Zikufuna digiri ina? Zikungofuna kuti mutseke pakamwa kwa kanthawi, ana atsegule pawo.

Za kamera zija zandinyansa kwambiri. Inu kamera yanu ndi yozimitsa, koma mukuopseza ana kuti ayatse zawo. Mwana wina amaphunzirira m'chipinda chimene amagona anthu asanu ndipo safuna kuti kalasi yonse ione m'nyumba mwawo. Wina akayatsa kamera mawu amayamba kudukaduka. Mukawakakamiza mupeza nkhope zambirimbiri zoyang'ana pa sikirini maganizo ali kutali, ndipo mudzasangalala kuti mwambo wabwerera. Nkhope si umboni woti munthu akuphunzira. Umboni ndi chimene walemba, chimene wafunsa, chimene walakwitsa inu n'kumukonza.

Ena mwasiya makalasi a pompopompo, mukumajambula vidiyo n'kuiika pa masamba ophunzirira monga Moodle kapena Google Classroom. Vidiyo imodzi ola lathunthu ndi theka! Mumaionera inuyo mpaka kumapeto? Philip Guo ndi anzake, mu 2014 momwemo, anaunika maulendo 6.9 miliyoni amene anthu anaonera mavidiyo pa edX, tsamba la maphunziro a pa intaneti. Anapeza kuti kaya vidiyo italike bwanji, ambiri sankapitirira mphindi pafupifupi 6 akuonera, ndiponso kuti mavidiyo amene nkhope ya mphunzitsi imaonekamo ankagwira anthu kuposa a masilaidi okhaokha. Duladulani vidiyoyo, pakati ikanipo funso. Ngakhale maphunziro aulere a pa intaneti a mayunivesite a MIT ndi Harvard, okonzedwa ndi akatswiri enieni, m'chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018 ankamalizidwa ndi anthu pafupifupi 3 okha pa 100 alionse amene anayamba. Ngati zinthu zapamwamba chotero sizigwira munthu amene wasiyidwa yekha, masilaidi anu owerengedwa ndi mawu atulo ndiye amugwire?

Ndisaiwale inu amene mumati mukuphatikiza, masiku ena pa intaneti masiku ena m'kalasi. Mumauza ana kuti aonere vidiyo kunyumba asanabwere. Ena amaoneradi, amathera bandulo yawo, amalemba mafunso. Tsiku lokumana maso ndi maso lija, mwana wayenda ulendo wonse kubwera, inu n'kuyatsa pulojekita n'kubwereza masilaidi omwe aja kuyambira pachiyambi. Mwamuphunzitsa chiyani amene anakonzekera? Mwamuphunzitsa kuti anapusa. Sabata yotsatira saoneranso, ndipo mudzamuika m'gulu la aulesi. Tsiku limene muli nawo pamodzi ndi la mafunso awo, la kuwerengera limodzi, la kuona pamene akukakamira.

Ndiye pali nkhani ya ntchito zimene mumapereka. Mumaika tsiku ndi ola lotsekera, mwana akachedwa ndi mphindi imodzi kompyuta imamukanira. Amagona mochedwa, amatumiza pa nthawi yake. Kenako zii. Mwezi umatha, wachiwiri umayamba, palibe ndemanga, palibe malikisi, palibe ngakhale mawu oti talandira. Mayeso amafika mwana asakudziwa ngati zimene analemba zija zinali zolondola kapena ayi. Akakufunsani pa gulu mumawerenga uthenga osayankha, timizere tiwiri tija tasanduka ta buluu, onse akuona. Ndipo akuluakulu a sukulu nawo ali phee, akungowerenga kuti alowa angati pa Zoom n'kulemba lipoti loti maphunziro a pa intaneti akuyenda bwino. Ndani anapitako kukafunsa kuti ntchito za ana zinachongedwa liti?